Mwana Wosanyamulidwa M'khwapa

Ndine mzamba pa kachipatala ka m'tauni yathu, kufupi ndi mzinda wa Mahdia, ndipo ntchitoyi ndinaiyamba ndili mtsikana. Ena mwa ana amene ndinawalandira m'manja mwangamu ali ndi ana awo tsopano. Sindidzidzimuka msanga. Koma m'mawa umene Wided, mkazi wa Lotfi msodzi, anabereka mwana wake woyamba, nditangoyang'ana miyendo ya khandalo ndinadzidzimuka.

Kuyambira m'mawondo kufika kuzala kunalibe khungu. Kunali kofiira, konyezimira, ngati phwetekere wosenda. Namwino amene ndinali naye anatambasula thaulo kuti amupukute monga timachitira ndi mwana aliyense, ine n'kumugwira mkono.

"Usapukute! Ingomugoneka pansalu yofewayo. Ndipo pulasitala asayandikire pano."

Matendawo ndinawadziwa chifukwa ndinali nditawaonapo pa Chiraz, mwana wamkazi wa mchimwene wanga. Iyeyu anabadwa chimodzimodzi, ndipo madokotala a nthawi imeneyo anauza bambo ake kuti asavutike kuganiza za sukulu, mwanayo sadzafikako. Anafikako. Anapita mpaka ku yunivesite, cholembera atachipanira pakati pa manja awiri chifukwa zipsera zinali zitamata zala zake pamodzi. Anamuchita opaleshoni kuti azilekanitse, zina zinamatananso. Lero amagwira ntchito mu labotale ya pa chipatala chachikulu ku Monastir, kumene amayeza tizidutswa ta khungu la odwala. Ndi wochepa thupi, mabandeji kuyambira m'khosi mpaka kumapazi, ndipo amadya zofewa zokhazokha chifukwa ngakhale kummero kwake kumatuluka matuza. Koma mawu ake mungawamve muli tsidya lina la msewu, ndipo pakamwa pake ndi lumo.

Khandalo analitengera ku chipatala chachikulucho tsiku lomwelo. Kumeneko analidula kachidutswa ka khungu kochepa ngati njere ya mpunga kuti aone mtundu wa matendawo, poti mitundu yake ilipo ingapo, ndipo pali wina umene mwana sakwanitsa nawo chaka. Mankhwala oyezera anayenera kuchokera ku Tunis, choncho yankho linachedwa. Mwana atayamba kuyamwa bwino anawabweza kunyumba kuti akadikire, ndipo poti ndimakhala mumsewu womwewo, ine ndi amene ndinkapita m'mawa uliwonse kukamanga mabandeji.

M'nyumbamo munali ngati mwagwa maliro. Phwando la mwana silinachitike, nkhosa yoti iphedwe paphwandolo inangokhala pachingwe kuseri n'kumalira. Wided anamutcha yekha mwanayo dzina lakuti Sirine, popanda woimba nthungululu. Apongozi ake, Hajja Zohra, amenenso ndi azakhali ake enieni, poti bambo a Wided ndi mlongo wawo, ankazungulira zipinda ndi mbale ya lubani uku akulankhula okha, koma mokweza kuti aliyense amve.

"Ndinanena ine. Munthu woyembekezera sadya tsabola chotere. Tsabola m'mawa, tsabola masana. Si uyu mwana wapsera m'mimba."

Chimene chinkamudya Wided mumtima sanali apongoziwo ayi, anali mwamuna wake. Lotfi ndi chimunthu chachitali, cha manja okhakhala ngati khungwa la mtengo wa azitona. Ali kuchipatala kuja, namwino atangotembenuka, iye anachita zimene bambo aliyense amachita: analowetsa manja m'khwapa mwa mwana wake n'kumunyamula. Mwana analira kulira kwina kwachilendo. Atamubwezera pansi, khungu la m'mbali mwa chifuwa linali litatsalira pa zala zake. Chiyambire pamenepo sanamukhudzenso. Ankaima pakhomo la chipinda manja atabisa kumbuyo, n'kufunsa kuti, "Wayamwa?" kenako ulendo wa kudoko, ngakhale tsiku limene nyanja yakalipa ndipo palibe boti lolowa m'madzi.

Chiraz amabwera kwathu Lachisanu lililonse pa minibasi, atakhalira kapilo kake ka ubweya wa nkhosa. Lachisanu limenelo ndinamufotokozera zonse akumwa msuzi kukhitchini kwanga.

"Mwanayo ndinamuona kuchipatala," anatero. "Ndi wokongola. Bambo ake ali kuti?"

"Kudoko. Kunyumba amangobwera kudzagona."

"Malizani tiyi wanuyo, azakhali, tipite."

"Kudoko? Dzuwa limeneli? Ukudziwa zimene thukuta limakuchita."

"Ndiye nyamulani ambulera. Ine ndinyamula pakamwa."

Tinamupeza Lotfi pansi pa denga la malata akusoka ukonde ndi anzake. Malo amenewo akazi sakhalapo, koma Chiraz anakoka bokosi la nsomba ndi phazi, anaikapo kapilo kake, n'kukhala maso ndi maso ndi iye.

"Achimwene, ndabwera kudzaona manja. Akuti m'tauni muno mulibe oopsa kuposa anuwa."

Asodzi ena anaseka, koma ataona nkhope ya Lotfi anatola maukonde awo n'kusunthira kutali.

"Chiraz, ndimakupatsa ulemu," anatero Lotfi osakweza maso. "Koma izi zisiye."

"Sindizisiya. Mwana wanu akufuna kunyamulidwa, ndipo mkazi wanu msana watha."

"Ndinamusenda. Ndi manja awa. Iwe sunaone."

"Ine sindinaone? Bambo anga anandisenda kangati, azakhali? Auzeni. Ndipo ndi bambo abwino, sindingawasinthanitse ndi wina."

Lotfi anapitiriza kusoka ukonde wake. Chiraz anasendeza bokosi lake pafupi.

"Mverani ndikuuzeni chimene chinachitika, chifukwa inu mukuganiza kuti muli ndi mphamvu zambiri, pamene nkhani si mphamvu. Khungu si chinthu chimodzi. Pamwamba pali maselo, tinthu tamoyo tosaoneka ndi maso, tosanjikizana. Pansi pali mnofu. Pakati pake pali kanembanemba kopyapyala kwambiri, koyalidwa ngati mphasa. Maselo a mzere wapansi amaponda pa kanembanembako, ndipo kuphazi kwa selo lililonse kuli timisomali totulukira pansi n'kukagwira. Pa kanembanembako pali chinthu ngati ulimbo chimene timisomalito timakakamira. Ndiye kunsi kwake kuli tizingwe tokamangirira ku mnofu. Inu muli nazo zonsezi, n'chifukwa chake chingwe cha ukonde chimakukhulani tsiku lonse khungu osachoka. Ine tizingwe takunsito ndilibe. Sirine sitinadziwe chimene alibe, koma chilipo chimodzi. Tsono ndikufunseni. Chinthu chongoyala, chosakhoma, mukachipsinja kuchokera pamwamba chimatani?"

"Chimangokhala," anayankha Lotfi monyinyirika.

"Mukachikoka cham'mbali?"

"Chimatereka n'kuchoka."

"Basi, mwamaliza yunivesite. Ine zinanditengera zaka."

Kenako anapinda malaya kudzanja lamanzere n'kuyamba kumasula bandeji. Apa ndi pamene ndinazindikira chimene tinabwerera. Pamkono wake wonse panali malo amodzi okha, chapafupi ndi chigongono, amene anali asanakhalepo ndi chilonda kwa nthawi yaitali. Khungu lake linali loyera, lonyezimira ngati pepala la ndudu.

"Chiraz!" ndinatero.

"Azakhali, gwirani ambulera." Anatembenukira kwa Lotfi. "Sambani m'manja pampopi apo. Bwerani. Ikani chikhatho chonse apa. Psinjani."

Lotfi anaika dzanja ngati akuika pa mbaula.

"Ndati psinjani, osati kupereka moni. Kwambiri. Eya. Chotsani. Mukuona chiyani?"

"Palibe."

"Palibe. Tsopano kokani chala cham'mbali, monga munachitira tsiku lija."

"Ayi. Olo undiphe."

Chiraz sanatsutsane naye. Anangopanira chala chachikulu cha Lotfi pakati pa manja ake awiri opunduka aja, mmene amagwirira cholembera, n'kuchikhula yekha pamkono pake. Anatseka maso pang'ono, mpweya n'kutulukira m'mano. Lotfi anasolola dzanja mpaka anagwetsa ndowa imene inali kumbuyo kwake.

"Wapenga iwe!"

"Khalani pansi. Thuza silituluka pompano. Kodi padoko lonse lino palibe wopatsa alendo tiyi?"

Nkhalamba ina mwa asodzi aja inabweretsa tiyi wa timbewu tonunkhira m'timatambula n'kubwerera. Chiraz anadikira wake azizire kaye. Tili pomwepo, pamalo paja panafiira, kenako panayamba kutukuka pang'onopang'ono mpaka panaima thuza ngati mphesa, madzi ake akuoneka mkati. Lotfi sanachotsepo maso.

Chiraz anatulutsa singano yosatsegula m'chikwama n'kumupatsa.

"Thuza lathu silikhala malo amodzi. Poti pansi sipanakhomedwe, madziwo amapitiriza kukankha, limakula mpaka kuzungulira mkono. Ndiye timaliboola lisanakule. Lowetsani m'mbali, itulukire mbali inayo. Denga lake musachotse, ndilo bandeji yake yoyamba."

"Amayi achite," anatero Lotfi akundiloza ine.

"Amayiwo sakhala m'nyumba mwanu. Mumasoka ukonde tsiku lonse, lero singano yakuopsani?"

Anagwada pansi pa simenti yonyowa, chimunthu chonse chija. Anaboola bwino kuposa anamwino ambiri amene ndawaphunzitsa. Chiraz anamupatsa kansalu koyera, iye n'kupsinja pang'onopang'ono mpaka madzi anatha, denga n'kugona pansi.

"Zawawa?" anafunsa Lotfi.

"Zawawa. Mumati zikoma? Koma ndafa?"

"Ayi."

"Nayenso sadzafa chifukwa cha thuza limodzi. Mudzamupweteka nthawi zina, achimwene, musanamizidwe. Amayi akenso adzamupweteka. Chovala chidzamupweteka, buledi wouma adzamupweteka. Koma mwana wosagwiridwa ndi bambo ake, chilonda chimenecho ine bandeji yake ndilibe."

Pobwerera ndinamukalipira njira yonse. Ndinati pamkono wonse malo abwino anali omwewo, ndipo iye akudziwa kuti pa iye thuza lililonse limasiya chipsera.

"N'chifukwa chake ndinasankha pamenepo," anatero. "Pachilonda akanaphunzira chiyani? Ndigwireni chikwama, azakhali, mutu ukuzungulira."

Anagona masana onse, ndipo malo aja anatenga nthawi kuti apole.

M'mawa mwake ndikumasula mabandeji a Sirine, ndinamva mpopi ukutuluka madzi nthawi yaitali panja. Kenako Lotfi analowa. Anali atasamba mpaka m'zigongono, zikhadabo atawenga mpaka pamnofu, malaya atavala chotembenuza kuti misoko ndi mabatani zisakhudze mwana. Anaima pambali panga n'kutambasula manja.

Ndinamuonetsa mmene tinkamunyamulira Chiraz ali khanda. Umamutembenuza mwana pang'ono cham'mbali, n'kuyala chikhatho chimodzi kunsi kwa matako, china kunsi kwa mutu ndi khosi, n'kumubwezera kuti agonere manjawo. Kenako umakweza zonse pamodzi ngati wanyamula thireyi ya mazira, osakoka, osafinya ndi nsonga za zala. Lotfi anakweza. Sirine anatsegula diso limodzi, anayetsemula, n'kugonanso. Mwana yense anakwana m'zikhatho ziwirizo ngati m'chisa.

"Ndi wopepuka bwanji," anatero Lotfi. "Mukumudyetsa koma?"

Wided anatuluka msanga ngati akukaona mphika, koma ndinamumva akulira kuseri kwa chitseko cha khitchini. Lotfi anaima choncho mpaka mikono inachita dzanzi, poti ndinali ndisanamuphunzitse kumutsitsa kwake.

Yankho litafika tinapita ku Monastir atatu, mwana ali pa pilo pamiyendo ya bambo ake. Dokotala wa khungu, mayi wodekha wa magalasi, anawafotokozera zonse muofesi mwake. Koma anthu amantha samva, amangoyang'ana pakamwa. Titatuluka Wided anandifunsa kuti, "Ndiye wati akhala moyo kapena ayi?" Chiraz anali akutidikira pakhonde atavala chovala chake choyera chimene manja ake ndi aatali kuposa mikono yake. Anapempha chilolezo kwa dokotala n'kutilowetsa m'kachipinda kamdima mmene muli makina okulitsa zinthu, olumikizidwa ku kompyuta.

"Khungu timalipaka mankhwala amene amakamatira pa chinthu chimodzi chokha chimene tikufuna, n'kuwala," anatero. "Chikakhalapo muona kuwala. Chikasowa muona mdima. Ili ndi khungu la munthu wabwinobwino."

Pagalasi panaoneka mzere wobiriwira, wowala, wokhotakhota ngati gombe ukaliona uli pamwamba pa phiri. Ndagwira khungu la anthu moyo wanga wonse, koma sindinadziwe kuti mkati mwake muli chinthu chokongola chotero.

"Umenewo ndi ulimbo uja wa pa kanembanemba. Umenewu ndi umene tinkaopa kuti ungasowe. Ukasoweratu, mwana sakula." Anatiyang'ana. "Ndikuuzeni zoona, la Sirine litafika ndinalephera kuyang'ana. Ndinatuluka panja, ndinati adokotala ayambe ndi iwo. Ili ndi lake."

Anasintha chithunzi. Mzere wobiriwira unali pomwepo, wowala kuyambira mbali ina mpaka inayo. Pamwamba pake panali mpata wakuda pamene khungu linanyamuka, koma mzerewo sunaduke.

"Ulipo?" anafunsa Lotfi.

"Ulipo."

"Bwereza."

"Ulipo, achimwene. Wonse."

Kenako anationetsa tizingwe takunsi tija, timene iye mwini alibe. Kwa Sirine tinalipo. Pomaliza anaika chithunzi cha mtundu umodzi wa timisomali ta kuphazi kwa selo, ndipo pagalasi panali bii, mdima wokhawokha.

"Nachi chimene Sirine alibe. Msomali umodzi mwa ingapo. Inayo ikugwira, koma payokha siikwanira." Anatembenukira kwa Wided n'kulankhula pang'onopang'ono. "Matuza adzakhala nawo moyo wonse, makamaka nyengo yotentha. Tsitsi likhoza kudzakhala lochepa, mano ndi zikhadabo zidzavuta. Koma mtundu umenewu kawirikawiri sumata zala ngati zangazi. Ndipo adzakula, Wided. Adzakuyankha mwano, udzafuna kumumenya, ndipo sudzatha."

Wided anaseka ndi kulira nthawi imodzi. Anafuna kumukumbatira Chiraz, n'kukumbukira, manja n'kuima m'malere. Chiraz anaweramitsa mutu n'kuugunditsa pang'ono paphewa pake.

Madzulo a tsiku limenelo Chiraz anabwera nafe kuti akawafotokozere Hajja Zohra, amene anali atakana kukwera minibasi. Anawauza kuti tsabola alibe mlandu, ngakhale diso loipa la munthu wansanje. Anati matendawa mwana amawatenga pokhapokha bambo ndi mayi onse awiri atamupatsa mbali yawo, ndipo onse awiriwo amakhala nayo mwakachetechete, osadwala, osadziwa.

Hajja ankayendetsa mikanda yawo yopempherera. Ndi munthu wolongolola, koma si wopusa.

"Lotfi anaitenga kwa ndani?"

"Kwa bambo ake kapena kwa mayi ake, Hajja."

"Ndipo Wided ndi mwana wa mlongo wanga." Mikanda inaima. "Ndiye kuti ndine. Ine ndi mlongo wanga."

Ine ndinayang'ana pansi. Chiraz ananyamuka pamene anakhala n'kukakhala pambali pawo penipeni.

"Mwina. Koma inunso munapatsidwa, Hajja, ndi agogo ena ake amene anamwalira osadziwa kanthu, ndipo iwonso anapatsidwa. Ndi omwewo anakupatsani maso akuluakulu amene akuti anagwetsa amuna m'tauni muno. Bwanji amenewo simuwadandaula?"

"Mwana iwe ulibe mwambo," anatero Hajja akupukuta nkhope ndi nsonga ya mpango. "Bambo ako anakulera ngati mwamuna."

Ananyamuka n'kulowa kukhitchini. Posakhalitsa tinamva fungo la chitowe chokazinga. Ankakonza ziriri, chakudya chathu cha chitowe, uchi ndi batala chimene timapatsa mkazi akabereka, chimene Wided anali asanalawe chibadwire cha mwanayo. Sanapepese, ndipo sindikhulupirira kuti adzapepesa. Anangobweretsa mbale yodzaza n'kuiika pamiyendo ya mpongozi wawo, n'kuima pomwepo mpaka anamaliza.

Sirine tsopano akuyenda, ndipo amathamanga kuposa mmene tingafunire. Tsitsi lake ndi lochepadi, amavala tizipewa toluka Hajja ndi ulusi wofewa. Mabandeji amamanga Lotfi asanapite kunyanja. Manja ake amawakhula ndi mwala wosambira n'kuwadzola mafuta a azitona tsiku lililonse, moti anzake kudoko amamutcha mkwatibwi. Iye amangowaonetsa zikhatho n'kuwauza kuti akazi awo akanakondwa nawonso akanatero. Anamusokera yekha mwanayo zotchinga m'mawondo za chikopa cha nkhosa, ndipo amayi awiri a ku Monastir amene ana awo ali ndi matenda omwewa anatumiza miyeso kuti awasokere.

Chaka chatha nyengo yozizira, kummero kwa Chiraz kunachepa mpaka madzi ankavuta kudutsa, ndipo anamugoneka m'chipatala chomwe amagwiramo ntchito kuti akulitse kummeroko. Ndinamupeza kompyuta ili pamiyendo, akukangana ndi dokotala wachinyamata za chithunzi cha khungu la mwana wina wa ku Kairouan, mawu atasasa ngati tambala wachimfine. Tili pomwepo Lotfi ndi Wided anafika ndi msuzi wa nsomba wosefa kawiri, Sirine ali pakati pawo.

Mwanayo anaima pambali pa bedi n'kumuyang'ana Chiraz nthawi yaitali, kuyambira m'khosi mpaka kumapazi. Kenako anayang'ana mikono yake.

"Azakhali, mabandeji anu ndi ambiri kuposa anga."

"Ndine wamkulu," ananong'ona Chiraz. "Ukafuna ambiri, uyambe wamaliza sukulu."

Analawa msuzi uja supuni imodzi, anameza pang'onopang'ono ife tonse tikumuyang'ana pakhosi, ndipo unadutsa. Anati mchere wachepa, n'kupempha supuni ina.